Nyali ya LED yopanga ndekha ya pathanki ya zomera, patha miyezi 14 tsopano

Lachiwiri usiku ndili phee kuonera nsomba zanga, mbali imodzi ya thanki inangoti bii, mdima. Aka kanali kachisanu. Ndiye mawa lake mnzanga wina amene anabwera kudzaona thankiyi nyaliyo ili yatsopano ananditumizira meseji kuti "aise, zija unapanga zija zikugwirabe? Ndikufuna ndipange zanga." Ndinaiyang'ana mesejiyo nthawi yaitali ndithu osadziwa kuti ndiyankhe bwanji, chifukwa akanandifunsa Lolemba ndikanati panga usachedwe, koma Lachitatu limenelo mtima unali wina. Bola ndingolemba zonse, aliyense aone yekha.

Kwa amene simukuidziwa, thanki yanga ndi ya masentimita 90 mulitali, 45 mulifupi ndi 45 kuya, madzi okwana pafupifupi malita 180. Zomera zimene zilimo ndi Anubias, Java fern, Cryptocoryne, Vallisneria kumbuyo, ndi Ludwigia komanso Rotala zija zimafiira zikapeza kuwala kokwanira. Nsomba ndi ma neon tetra basi. Kale ndinkagwiritsa ntchito nyali za machubu awiri a T5 a 39W iliyonse, ndipo vuto lake linali loti amangodziwa zinthu ziwiri, kuyaka ndi kuzima. Akayaka m'mawa tinsomba tinkabalalika ngati taona ng'ona, kumakadziwombetsa pagalasi.

Ndiye ndinagula chitsulo cha aluminiyamu chokhala ndi zipsepse chija amati heatsink, chochotsa kutentha, n'kumatapo ma LED a 3W okwana 26. Oyera a 6500K alipo 20, ndinawalumikiza m'mizere iwiri ya 10, wina kumanja wina kumanzere, kenako mzere wachitatu wa ofiira 4 a 660nm ndi a buluu 2, poti zomera zimadya kwambiri kuwala kofiira ndi kwa buluu. Mzere uliwonse uli ndi driver yake ya 700mA (kachipangizo kolamulira moto wopita ku ma LED), yonse imatenga moto ku power supply ya 48V (bokosi lotsitsa mphamvu ya magetsi a pasoketi), ndipo kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino ndi kawotchi ka DS3231 ndi zimene zimauza ma driver kuti pano walitsa, pano chepetsa.

Zimene zikuyenda bwino sinditayapo nthawi. Ma driver sanandivutepo olo tsiku limodzi. Kawotchi kamasunga nthawi ngakhale magetsi azime, akabwera nyali imapitiriza pomwe imayenera kukhala. Kuwala kumayamba pang'onopang'ono kwa mphindi 45 ngati kukucha ndipo madzulo kumatsika chimodzimodzi, tinsomba tija sitidzidzimukanso. Pansi pa thanki pamakhala kunyezimira kuja kwa dzuwa likamawomba mumtsinje wosaya, machubu sankatulutsa zimenezo. Fani yoziziritsa heatsink imadzaza fumbi, ndimaipukuta ndi kaburashi pakatha miyezi iwiri, si nkhani. Kadandaulo kakang'ono n'koti Arduino ili ndi masitepe 256 okha a kuwala, ndiye poyambirira penipeni m'mawa umaona kuti kwadumpha m'malo moyenda myaa, koma ndinazolowera. Komanso ukajambula vidiyo pafoni nyali itachepetsedwa, pamaoneka mizeremizere, chifukwa kuchepetsa kwakeko n'kwakuti LED ikuyaka n'kuzima maulendo mahandiredi pa sekondi, maso athu saona koma kamera imaona.

Dimmer, njira yochepetsera kuwala ija, ndi imene inandipulumutsa, ndisaname. Sabata zoyamba ndinaitsegula 100% kwa maola 10, kunyadira kuti ndapanga dzuwa langalanga. Walira mvula walira matope. Pasanathe mwezi thanki yonse inali ndere zokhazokha, pagalasi zobiriwira, pamasamba a Anubias timadontho touma toti olo ukande ndi chikhadabo sitichoka, kwinaku zaulusi zikulendewera pa Rotala. Ine sindiika mpweya wa CO2, uja zomera zimadya, muthanki, ndiye kuwala kukachuluka zomera zimakanika kukugwiritsa ntchito konse, ndere n'kupezerapo mwayi. Akanakhala machubu aja ndikanayamba kukweza nyali m'mwamba ndi zingwe kapena kuphimba ndi nsalu. Apa ndinangosintha nambala imodzi, kutsitsa kufika 60%, maola 7, ndikusintha madzi pafupipafupi, ndipo patapita sabata ngati zisanu masamba atsopano anayamba kutuluka oyera bwinobwino. Mpaka lero sindinabwererenso pa 100%. Kutanthauza kuti ndinapanga nyali yamphamvu kuposa imene ndimafunikira, ma LED 16 akanakwana, koma zimenezo ndinazidziwa ndalama zitapita kale.

Tsopano nkhani ya mzere wakumanzere, imene yandidya mutu miyezi yonseyi.

Inayamba mwezi wachisanu. Nyali imayaka bwinobwino m'mawa, kenako ikafika pamwamba n'kukhala ngati mphindi 40, mbali yakumanzere imayamba kuphethira, kuphethira, kenako zii. Ukaizimitsa n'kudikira pang'ono imayakanso ngati palibe chachitika. Choyamba ndinaganiza kuti ndi pulogalamu yanga ya mu Arduino, poti ine si katswiri, ndinachita kuphunzira pomwepo, ndiye ndinakhala mausiku awiri kuiwerenga mzere ndi mzere osapeza kanthu. Kenako ndinati ndi power supply ikufooka, ndinagula ina, vuto lili pompo. Ndinati basi ndi driver, ndinaitanitsa ina n'kudikira masabata, itafika ndaika, mphindi 40 zitakwana phethi phethi zii. Apa ndiye ndinapsa mtima, chifukwa ndikanangosinthanitsa ma driver awiri amene ndinali nawo kale ndikanadziwa tsiku lomwelo kuti alibe mlandu, osawononga kanthu. Zinthu ziwiri zimenezo zili m'kabati mpaka pano, zatsopano, zopanda ntchito.

Chimene chinkandisokoneza n'choti ndikachotsa nyali n'kuyesa LED iliyonse payokha ndi multimeter, mita yoyezera magetsi, onse 10 amayaka. Onse! Ndiye wolakwa ndani? Ndinadzazindikira mochedwa kuti ndimawayesa atazizira. Mkati mwa LED muli kawaya kakang'ono kwambiri kuposa tsitsi, kakayamba kuthothoka kamagundabe pamalo pake kukazizira, koma kukatentha zinthu zimafutukuka, iko n'kusiya kugunda. Ndipo poti ma LED 10 aja ali mumzere umodzi, moto umadutsa mwa uyu kupita mwa uyo, mmodzi akadula njira onse amagona. Tsiku limenelo ndinaika nyali chagada patebulo, kutali ndi madzi, ndinavala magalasi akuda chifukwa tinthu timeneti timathobwa m'maso zoopsa, n'kudikira kuti izime yokha, kenako ndinayamba kuyeza mmodzimmodzi idakali yotentha. Pa LED yachisanu ndi chiwiri mita inaonetsa mavoti ambirimbiri pomwe pa anzake panalibe chilichonse. Nditaiyang'anitsitsa, kadiso kake kapulasitiki kanali katachita bulauni pakati ngati kapsa ndi ndudu.

Ndinali ndi awiri apadera, ndinachotsa wakufayo n'kuwotcherera wina, ndinasangalala ngati ndawina mpikisano. Patatha sabata zisanu ndi imodzi, wina. Kenako wina.

Apa mpofunika ndiulule chimene ndinachita pogula. Ma LED oyera ndinawagula kwa anthu awiri osiyana pa intaneti. Khumi oyamba ndinagula kwa wogulitsa amene mtengo wake unandiwawa, ndiye pofuna khumi enawo ndinapeza wina amene ankagulitsa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mtengo uja, chithunzi chomwecho, manambala omwewo, akulumbira kuti ndi orijino a kampani yotchuka. Ndinadziona wochenjera. Odula aja anapita kumanja, otchipa kumanzere. Mwa odulawo mpaka lero sinafe olo imodzi.

Komabe sindinafune kunamizira munthu, chifukwa kumanzere ndi komwenso kuli paipi ya fyuluta, madzi amathovokera m'mwamba, ndipo nditayang'ana ndinapezadi zoyerayera zouma pa heatsink ndi dzimbiri lobiriwira pamene ndinawotcherera mawaya. Kumeneko kunali kulakwa kwanga, ndinaika nyali pamwamba pa madzi popanda chotchinga chilichonse. Ndinatsuka, kuwotchereranso, n'kuika pulasitiki ya acrylic pansi pake, yomwe inapindika ngati uta pasanathe mwezi chifukwa cha chinyezi, ndiye ndinadulitsa galasi lopyapyala. Kenako ndinaitembenuza nyali yonse kuti otchipa aja apite mbali youma, odula abwere ku fyuluta. Imfa inawatsatira otchipa komweko. Apo ndiye ndinalembera wogulitsa otchipa uja.

Poyamba anayankha mwaulemu zedi, bwenzi langa pepani, tumizani vidiyo. Ndinatumiza. Anati vidiyo sikuonetsa bwino, tumizani ina yoonetsa mawaya. Ndinatumiza. Anati heatsink yanu ndi yaying'ono, mukuwaphika nokha. Ndinagunditsa thermometer pachitsulo nyali itayaka maola atatu, sinapitirire madigiri 45, dzanja umatha kulisiya pompo osapsa, ndinajambula n'kutumiza, n'kumufunsa kuti nanga anzawo khumi ali pachitsulo chomwechi bwanji sakufa? Anakhala chete masiku 9. Atabwera anati nthawi yodandaula inatha kalekale, zomwe zinali zoona, ndipo ndikuganiza kuti amene amagulitsa zoterezi amadziwa kuti katundu wawo amafa nthawi yobweza ndalama itadutsa. Koma anati poti ndinu kasitomala wabwino ndikutumizirani asanu aulere, inu mundipatse nyenyezi zisanu. Ndinamuuza kuti atumize kaye.

Anafikadi, patatha mwezi ndi theka. Nditayatsa woyamba ndinangoti mxii. Sanali a 6500K, anali achikasu aja a 3000K a m'chipinda chogona. Ndinafuna kuwataya koma mzere unali wozima ndipo Vallisneria inali itayamba kufooka mbali imeneyo, ndiye ndinaikapo awiri kuti angogwirizira.

Koma ndiye zinandidabwitsa. Thanki inakongola kuposa kale! Kuwala koyera kokhakokha kuja kunkapangitsa zinthu kuoneka zozizira ngati m'chipatala, koma titalowa tachikasu tiwiriti Ludwigia inayamba kuoneka yofiira zenizeni, mtengo wouma uli pakati uja unatuluka mtundu wake, ngakhale mzere wofiira wa ma tetra unawala. Sindikunena kuti zomera zinayamba kukula msanga ayi, kukula n'chimodzimodzi, koma m'maso mwanga zinasintha. Ndinafika posuntha mmodzi kupita mzere winawo kuti mbali zonse zifanane. Madzulo amenewo ndinakhala pampando mpaka nyali inazima yokha, ndikuganiza kuti mwina munthu uja ndimupatsedi nyenyezi zakezo. Ndiye Lachiwiri lija wachisanu anafa, maganizo amenewo anafera pomwepo.

Za ndalama. Pamene ndinkayamba ndinawerengera kuti zonse zinditengera theka la mtengo wa nyali yogula yokhala ndi dimmer ya saizi ya thanki yanga, ndipo tsiku loyamba zinalidi choncho. Koma onjezanipo soldering iron yowotcherera mawaya yomwe ndinalibe, power supply ndi driver za m'kabati zija, acrylic yopindika, galasi, guluu wa heatsink kawiri, tsopano khumi ena amene ndaitanitsa, ndatsala pang'ono kufika pamtengo wa yogula ija, yomwe ikanabweranso ndi waranti. Kumagetsi ndimapulumutsa ndithu koma osati zoti n'kuvinira. Machubu aja ankadya 78W kwa maola 8, pafupifupi mayunitsi 19 pamwezi. Iyi pa 60% imadya cha m'ma 34W kwa maola 7, mayunitsi 7 kapena 8 ukaphatikiza fani. Ndiye ndi mayunitsi ngati 11 pamwezi, kuphatikizapo machubu amene ndinkasintha chaka chilichonse. Ibweza ndalama zake, koma mochedwa, ndipo ngati sipafanso china.

Chimene yogula singandipatse n'choti iyi ndimaidziwa mkati ndi kunja. Ikafa LED pano ndimaipeza mphindi khumi, kusintha mphindi zina khumi. Nyali zambiri zogula zimabwera zomatidwa, ikafa mbali imodzi waranti itatha umangoiyang'ana. Tsiku labwino zimenezi zimandikwanira. Tsiku loipa ndimakumbukira kuti ndinafuna kuweta nsomba ndi zomera, osati kukhala ndi soldering iron m'manja mwezi ndi mwezi.

Mnzanga uja ndinamuyankha Lachinayi, mtima utatsika. Ndinamuuza kuti apange, koma ma LED agule kwa munthu mmodzi wodalirika ndipo atengeretu apadera anayi, asakanize achikasu ochepa, galasi aike tsiku loyamba, power supply ikhale pamwamba kutali ndi madzi ndipo chingwe chake chizitsika kaye pansi chisanakwere ku soketi kuti dontho lisatsetserekere kumoto. Ndinamuuzanso kuti power supply ndi driver imodzi asagule, ndimugulitsa zanga motchipa, zikungodya malo.

Khumi atsopano ndaitanitsa kwa wogulitsa woyamba uja, wodula. Akafika ndichotsa otchipa onse otsala tsiku limodzi, kusiya achikasu okha, ngakhale nawonso sindikuwakhulupirira poti anachokera m'thumba lomwelo. Wachiwiri uja dzulo watumizanso meseji, bwenzi langa nyenyezi zija bwanji. Ndamutumizira chithunzi cha ma LED asanu akufa nditawandandalika patebulo, waiona koma sanayankhe.