Kufukula m'makaundula kapena kutsata odwala: njira iti poyerekeza mankhwala?

Anzanga amene mukuchita kafukufuku wa zaumoyo kuno ku Zomba, ngati simugawa odwala m'magulu mwamaere, njira zodziwira mankhwala oposa anzake ndi ziwiri: kufukula zolembedwa kale m'makaundula, kapena kuyamba lero kutsata odwala.

Ya makaundula ndi yotsika mtengo, ndipo ofufuza ambiri amaithamangira. Makadi a odwala alipo kale mulu, miyezi itatu ntchito yatha. Koma amene ankalemba makadiwo ankathandiza odwala, sankaganiza za funso lanu. Taonani za ma ARV. Mu 2019 dziko lino linayamba kusamutsa anthu kuchoka pa mtundu wa ARV wotchedwa 5A, wokhala ndi efavirenz, kupita pa wotchedwa 13A, wokhala ndi dolutegravir. Poyamba amayi ambiri a msinkhu wobereka sanasamutsidwe, kaamba ka mantha amene anachokera ku Botswana mu 2018 onena za ana obadwa ndi chilema kwa amayi omwa dolutegravir. Ndiye mukaika 13A ndi 5A wa miyezi imeneyo pa sikelo, mukuyerekeza mankhwala kapena abambo ndi amayi? Chinanso, ambiri a pa 13A anali atakhala kale zaka pa 5A. Omwe anasiyiratu kumwa ma ARV, kapena anamwalira, m'gulumo mulibe. Mankhwala atsopano amaoneka ngwazi chifukwa alandira olimba okhaokha.

Kutsata odwala kumadya ndalama ndi nthawi, osabisa. Ubwino wake, tsiku loyamba mumalemba nokha kulemera kwa munthu, mmene matenda afikira, ngati ali ndi TB. Msodzi wa ku Kachulu akasowa chifukwa watsata nsomba tsidya lina la nyanja ya Chilwa, mumatuma munthu kukamufuna. Kaundula amangoti wasiya mankhwala, pamene mwina akulandira kwina, mwinanso anaikidwa kale m'manda. Komatu nayo njirayi sichotsa vuto loti dokotala ndiye amasankha womupatsa mankhwala ati.

Ine ndikanakhala ndi thumba lochepa ndikanatenga makaundula, koma ndikuwerenga okhawo amene akuyamba kumene mankhwala, mbali zonse, m'nyengo imodzi, kuyambira tsiku lomwe alandira botolo loyamba. Ndondomeko ilembedwe manambala musanawaone, apo ayi mudzasankha zokukomerani. Chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku, ngati NHSRC kapena COMREC, chimafunika ngakhale wodwala simukumana naye, ndipo mayina asatuluke m'chipinda chosungira makadi.