Pobetchera mahatchi ku Rosettenville: macheza okoma, koma sipika ikuwononga

Abale amene muli ku Johannesburg kuno mwakhala mukundifunsa za malo obetchera mahatchi amene ndimapitako Loweruka masana. Ali ku Rosettenville, mtunda woti mutha kuyenda wapansi kuchokera pa bwalo la mpikisano la Turffontein. Dzina la malowo sinditchula, chifukwa ndili ndi madandaulo angapo ndipo sindikufuna kuti antchito a pakauntala, amene alibe mlandu, avutike chifukwa cha ine. Maganizo anga mwachidule ndi awa: ngati mukufuna kuphunzira masewerawa kwa anthu amene akalambira momwemo, malo ake ndi amenewa. Ngati mukufuna kumva bwinobwino mpikisano ukamathamangidwa, mudzatuluka mutakwiya.

Chipinda chake n'chachitali, masikirini ali mbali imodzi ya khoma, kauntala ya magalasi ili kumapeto. Pamatebulo pali zolembera zomangidwa ndi chingwe, ndipo pofika madzulo pansi pamakhala patayera ndi matikiti ong'ambidwa. Kuseri kuli kakhitchini kogulitsa pap ndi nyama yowotcha, chakalaka pambali. Chakudya n'chabwino ndithu, nyama amapereka mosaumira, ngakhale pap yawo ndi yofewa kwa ife amene tinakulira nsima yolimba. Zimbudzi zimakhala zaukhondo masana, usiku ayi.

Chimene chinandikopa poyamba ndi mayi wina wa pawindo la pakati. Ife kwathu tinazolowera kubetcha mpira, kumene umangosankha timu basi. Mahatchi ali ndi chinenero chawochawo, ndipo malo ambiri ukafunsa funso amakuyang'ana ngati ukuwatayitsa nthawi. Mayiwa ayi. Mzere ukachepa amakufotokozera modekha kusiyana kwa njira ziwiri zobetchera. Pa tote, ndalama za anthu onse zimalowa m'thumba limodzi, eni ake amachotsapo gawo lawo, zotsalazo n'kugawidwa kwa amene alondola. Choncho sudziwa kuti ulandira zingati mpaka mpikisano utatha, chifukwa anthu akachuluka pa hatchi yako, gawo lako limachepa. Njira inayo mtengo umakhazikika pa nthawi imene wagula tikiti, ndipo walembedwa pomwepo. Munthu watsopano amawalangiza kuti ayambe ndi place, kutanthauza kuti hatchi yako ingopezeka pakati pa zoyambirira, kapena swinger, pomwe umasankha mahatchi awiri oti onse akhale m'gulu la atatu oyamba, kaya atsogole ndi uti. Sindinawamvepo akukankhira munthu ku Pick 6, imene imafuna kuti ulondole opambana m'mipikisano 6 yotsatizana. Ndinawamva akuuza mnyamata wina kuti, "Mwanangu, imeneyo isiyire kaye agogo ako ali apowa."

Agogo amene ankanenawo ndi gulu la madala amene amakhala tebulo la pafupi ndi khomo, ndipo kwa ine iwowa ndiwo chuma cha malo ano. Alipo Azulu, Asutu, mzungu mmodzi wokalamba amene ankagwira ntchito ku njanji, ndi bambo wina wa kwathu ku Nkhata Bay amene anabwera kuno kalekale. Aliyense amakhala ndi Computaform yake, kabuku kofotokoza za mahatchi amene akuthamanga, yopindidwa pakati, yodzaza ndi mizere ya bolopeni. Ukakhala phee pambali pawo umaphunzira zambiri osalipira kanthu.

Bambo a ku Nkhata Bay aja ndiwo anandiphunzitsa za kulemera. Pa mipikisano ya handicap, hatchi imene yakhala ikuchita bwino amaisenzetsa katundu wolemera kuposa zinzake kuti zonse zikhale ndi mwayi wofanana. Wokwera amamuyeza pa sikelo pamodzi ndi chishalo chake asanathamange, akabwerako amamuyezanso. "Achimwene," anatero, "musamangoona dzina lokongola. Onani wasenza makilogalamu angati, wayambira khomo liti, ndipo mtunda umenewu anauthamangapo kale?" Za khomo loyambira, kachipinda kamene hatchi imaimamo isananyamuke, amakangana tsiku lililonse. Amati ku Greyville, ku Durban, bwalo ndi lopanikizika, ndiye hatchi yoyambira kunja kwenikweni imazungulira mtunda wautali. Pomwe pa Turffontein pathu pano pali chitunda chimene chimatopetsa hatchi yopanda mphamvu isanafike n'kumapeto komwe. Bwalo limeneli linayamba mu 1887, mzinda wa Johannesburg uli wakhanda, ndipo madalawa amalinyadira ngati analimanga okha.

Macheza akafika pa Durban July ndiye simungawaletse. Mpikisano umenewu umachitika Loweruka loyamba la July ku Greyville, mtunda wa mamita 2200, ndipo unayamba mu 1897. Mdala wina wachizulu amakamba za chaka cha 2013, pamene S'manga Khumalo anapambana atakwera Heavy Metal, kukhala munthu wakuda woyamba kupambana mpikisanowu. Akamafotokoza amaimirira, kutambasula manja ngati wagwira zingwe, maso ali ngwee. Amati tsiku limenelo analira, ndipo ine ndimamukhulupirira, chifukwa mawu ake amanjenjemerabe akafika pamenepo. Mzungu wa ku njanji uja amayankha ndi 2008, chaka chimene mahatchi awiri, Pocket Power ndi Dancer's Daughter, anafika pamzere nthawi imodzi mpaka chithunzi chinalephera kuwalekanitsa. Wina amaponyapo hatchi yotchedwa Do It Again, imene inapambana mu 2018 n'kubwerezanso mu 2019. Kenaka mkangano umabuka wakuti wamkulu ndani pa onsewa, ndipo sunathepo.

Lamulo limene linandichititsa chidwi kwambiri ndi la dandaulo. Tsiku lina hatchi ina inapambana ndi kamphuno chabe, ndipo bambo wina wovala ovolosi ya buluu anadumpha, kuthamangira ku kauntala tikiti ili m'mwamba. Madala sanasunthe. Mmodzi anangogogoda patebulo n'kuloza sikirini, pomwe panatuluka chizindikiro chakuti pali dandaulo. Wokwera amene anafika pa nambala yachiwiri anali atadandaula kuti mnzake anamupingasa panjira. Zikatero oyang'anira mpikisano, amene ali pansi pa National Horseracing Authority, bungwe loona za malamulo a mipikisano ya mahatchi, amaonanso kanema kuchokera mbali zosiyanasiyana, kumva okwera onse awiri, n'kugamula ngati wopingasidwayo akanapambana pakanapanda chopingacho. Kauntala silipira mpaka chigamulo chituluke. Kwa mphindi zingapo chipinda chonse chinagawikana pawiri, aliyense ndi woweruza. Bambo wa ovolosi uja anaima pomwepo, tikiti atayigwira ndi manja awiri, milomo ikuyenda yokha. Dandaulo linakanidwa, analandira ndalama zake, ndipo anagulira tebulo la madala zakumwa. Phunziro limene aliyense amakupatsa pamenepo ndi lakuti usang'ambe tikiti zotsatira zisanatsimikizidwe, ngakhale hatchi yako itafika pa nambala yachiwiri.

Tsopano madandaulo anga. Loyamba ndi lakuti malamulo sanalembedwe poonekera. Pali kapepala kamodzi kakang'ono kuseri kwa chitseko, kofufutika ndi dzuwa, m'Chingerezi chokhachokha. Koma pali malamulo amene amakhudza ndalama za munthu mwachindunji. Hatchi imene wasankha ikachotsedwa mpikisano usanayambe, pa tikiti ya hatchi imodzi amakubwezera ndalama. Pa Pick 6 sakubwezera, m'malo mwake amakupatsa hatchi imene anthu ambiri aibetchera pa tote. Ndinaona mnyamata wina wa ku Zimbabwe akutaya tikiti m'bini poganiza kuti yafa chifukwa hatchi yake inachotsedwa. Anali mdala wina amene anamuuza kuti aitole. Zinthu ngati zimenezi siziyenera kudalira chifundo cha mlendo mnzako. Eni malo atalemba ndi zilembo zazikulu, m'Chizulu ndi m'Chisutu momwe, angataye chiyani?

Lachiwiri, ndipo ili ndi limene limandipweteka, ndi nyimbo. Ine nyimbo ndimazikonda, ndipo nkhani ya nyimbo ndi mbali ina ya macheza a pamalopa. Madala achizulu amafuna maskandi, ena amati jazi yakale ya m'malokesheni ndiyo imayenda bwino ndi kuwerenga Computaform, anyamata amafuna amapiano, a zaka zapakati amakumbutsa kwaito. Mkangano umenewo ndi wokoma, ndipo pakati pa mipikisano pamakhala pafupifupi theka la ola loti aliyense amvereko zake. Vuto ndi lakuti mnyamata amene amayang'anira sipika sazimitsa mahatchi akanyamuka. Mpikisano wa mamita 1200 umatha pa mphindi imodzi ndi masekondi ochepa. Pa nthawi yochepayo mawu a wolengeza ndiwo maso ako, chifukwa pasikirini mahatchi amaoneka ngati nyerere zothithikana, ndipo munthu wokalamba sangasiyanitse mitundu ya malaya a okwera ali patali. Wolengeza ndiye amakuuza kuti wako ali pati, watsekeredwa kapena wapeza mpata. Ng'oma za amapiano zikagunda pamwamba pake, chimene unabwerera chija chapita. Ndaonapo mdala wa zaka zoposa 70 akuimirira pansi pa sikirini, dzanja kukhutu, kuyesetsa kuti amve. Zinandikwiyitsa kwambiri. Anthu amenewa ndiwo amabwera sabata ndi sabata, mvula kaya dzuwa, ndipo akungopempha mphindi ziwiri za bata.

Ndinakalankhula ndi woyang'anira malowo mwaulemu. Anandiyankha kuti achinyamata ndiwo amagula mowa wambiri, ndipo akazimitsa nyimbo amatuluka. Ndikumumvetsa, bizinesi ndi bizinesi. Koma palibe amene akuti azimitse tsiku lonse. Kutsitsa mawu mahatchi akamalowa m'makomo oyambira, n'kukwezanso akadutsa mzere, si ntchito yolemetsa munthu.

Chachitatu sindingachibise, ngakhale chikukhudza malo onse otere. Pakona pali makina a juga amene amawala tsiku lonse, ndipo kunja pafupi ndi khomo pali makina otapira ndalama. Kumapeto kwa mwezi ndimaona abale athu ena, amene ndikudziwa kuti ali ndi ana kumudzi oyembekezera fizi, akuyenda pakati pa makina awiriwo mpaka nkhope itagwa. Mlonda amaonetsetsa kuti wosakwana zaka 18 asalowe, ndipo pakhoma pali nambala ya foni yothandiza amene juga yawagwira, zomwe ndi zabwino. Koma palibe wantchito amene angakugwire dzanja kuti basi pita kunyumba. Chimene ndinaona kwa madala aja n'chakuti ambiri amabetcha ndalama zochepa kwambiri, ma R10 ndi ma R20, ndipo mipikisano ina amangoonera osaponya kanthu. Ine ndimanyamula R100 ya mahatchi ndi ina ya chakudya, khadi la ku banki ndimalisiya kunyumba, ndipo aliyense amene ndimapita naye ndimamuuza kuti achite chimodzimodzi kapena asanditsatire.

Amene mukufuna kukayesa, fikani mpikisano woyamba usanayambe, mzere usanatalike, kuti mayi a pawindo la pakati akhale ndi mpata wokufotokozerani. Khalani mbali ya khomo, kutali ndi sipika yaikulu imene ili pafupi ndi bala. Apatseni moni madala musanakoke mpando, ndipo musawafunse kuti ipambane ndi iti, funso limenelo sakondwera nalo. Afunseni chifukwa chimene asankhira hatchi imene asankhayo, pamenepo adzakutsegulirani buku lonse. Ndipo tsiku limene mahatchi akuthamanga pa Turffontein penipeni, pitani kubwaloko ndithu, mukaime pafupi ndi mpanda, mukamve mmene nthaka imagwedezekera gulu likamadutsa. Ku Rosettenville mudzapite tsiku limene mpikisano uli ku Durban kapena ku Cape Town.