Kalasi ya Chingelezi yamadzulo ku Ulongué, mmene ndaionera ine

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp za kalasi ya Chingelezi ija imachitika madzulo kuno ku Vila Ulongué, kuti kodi ndiyothandizadi kapena nkungotaya mametikali, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ine ndikuti pitani abale anga, koma mumve kaye zonse.

Aphunzitsi ake ndi bambo achikulire ndithu, sukulu adaphunzira ku Malawi ndiye Chingelezi amachilankhula ngati madzi, Chipwitikizi nachonso amachitha. Sakhala akukukakamizani zoloweza ayi, amayamba ndi Chichewa chathu chomwechi, nkubwera pa Chipwitikizi chomwe tidaphunzira kusukulu, Chingelezi pomalizira. Ambiri mkalasimo ndi ageni amene amadutsa pa boda ya Calómuè kupita ku Dedza ndi Lilongwe, ena ndi anyamata ofuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, makamaka chitengereni kampani ya Vulcan mgodi kwa kampani ya Vale mu 2022 muja.

Phunziro lomwe lidandigwira mtima lidachokera kwa mnyamata wina amene adabwera ndi foni yake akumwetulira, akuti kampani ina yamuyankha kalata yake yofunsira ntchito ndipo akumupepesa, iye ankaganiza kuti akupepesa chifukwa chochedwa kumuitana. Aphunzitsi adatenga foniyo nkuvala magalasi, adawerenga chamumtima kaye kenako nkulemba pa bolodi kuti We regret to inform you. Adamuyang'ana nkuti, "Mwana wanga, mawu awa ukawaona koyambirira kwa kalata, limba mtima, sadakutenge." Palibe adaseka. Mnyamatayo adangoika foni mthumba, koma sadatuluke, adakopera zonse mkaderno mwake mpaka kumapeto.

Kuchokera pamenepo zomwe adakonza tsiku limenelo adazisiya nkutifotokozera mawu onse apachibale ndi amenewo. Regret ndi kunong'oneza bondo, zija umati ndikadadziwa sindikadatero, ndipo sikuti mpaka ulakwire munthu, ukhoza kugulitsa mbatata yako yonse nthawi yokolola mtengo uli pansi kenako nkuona wakwera, imeneyo ndi regret. Komanso adatichenjeza kuti I regret telling you ndi zoti udanena kale ndiye zikukuwawa, pomwe I regret to tell you ndi zoti ukufuna kunena uthenga woipa pompano, ngati mmene amalembera a maofesi aja, mumtima mwawo mulibe kanthu, ndi ulemu chabe wa mkalata.

Remorse ndiye ina, yolemera. Apa pamakhala kuti walakwira munthu, wamupweteka, ndipo chikumbumtima sichikukupatsa tulo. Adatifunsa kuti kuluma pa Chipwitikizi timati chani, tonse tidayankha kuti morder, iwo nkuti basi mwadziwa kale, remorse ndi remorso onse adachokera ku liwu la Chilatini lakuti remordere, kulumanso kachiwiri, mlandu uja umabwerera nkumakuluma mkati. Kwa ife a kuno zimenezi nzosavuta kugwira kusiyana ndi anzathu a ku Malawi chifukwa Chipwitikizi tili nacho kale, ndipo ine ndidasangalala kuona mphunzitsi amene sachitenga Chipwitikizi chathu ngati chopinga. Adatiuzanso kuti sunganene kuti I remorse, umati I feel remorse kapena he is remorseful, ndipo liwuli mumalimva kwambiri pa nkhani za kukhoti woweruza akamati wolakwayo showed no remorse, kutanthauza kuti sadaonetse nkomwe kuti zikumukhudza. Repent adangodutsapo mwachangu, ndi kulapa kwa kutchalitchi kuja. Sorry ndi pepani wa tsiku ndi tsiku, wapamsewu ndi wapamaliro yemwe.

Tsopano zosakoma. Chipinda nchaching'ono kwambiri, mabenchi ndi ochepa, ukachedwa umalembera pabondo. Magetsi akathima kalasi imathera pomwepo chifukwa palibe nyale ina kupatula matochi a mafoni athu. Mapepala a fotokope mumalipira padera, zomwe sadatiuze polembetsa, ndipo zimenezi sizidandisangalatse ngakhale ndalama yake ndi yochepa, munthu azikuuziratu. Chachikulu chomwe ndikudandaula nchakuti nthawi yoti ife tilankhule imachepa, aphunzitsi akayamba kufotokoza amakoma mpaka ola kutha iwo okha akulankhula, pomwe amayi ageni aja akufuna kuyeserera pakamwa kuti akafika pa boda kapena mmashopu a ku Lilongwe asamachite chibwibwi. Tidawauza ndipo adavomera bwinobwino, masiku ano kumapeto amatikhazika awiriawiri kuti tizicheza, komabe sizidakwane.

Malipiro ndi a pamwezi, amalandira pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo ukawauziratu kuti zavuta amakudikira mpaka ugulitse mbewu. Amene mumachokera kutali ngati ku Dómuè muganizire za mayendedwe chifukwa pomatuluka kumakhala kutada ndipo mashapa, maminibasi athu aja, amakhala atasiya kuyenda, ena amagona kwa abale mtauni momuno. Mukapita tengani kaderno yaikulu ndi makalata aliwonse a Chingelezi amene adakusokonezanipo, amalola kuwerenga nanu limodzi mkalasi.