ICD10Data.com pa makhodi a P09: imafulumiza ntchito, koma malamulo muwerenge kwina

Kwa olemba makhodi a matenda m'zipatala za ku United States, webusaiti yaulere ya ICD10Data.com ndi yothandiza pa gulu la P09 la mu ICD-10-CM (mndandanda wa makhodi a matenda wa ku America), la makhanda omwe zotsatira za kuyezedwa atangobadwa sizinatuluke bwino. Kale P09 inkakwana payokha. Kuyambira pa 1 Okutobala 2021 anaigawa, ndipo wolemba P09 yokha lero a inshuwalansi amamubwezera pepala lake. Webusaitiyi imanena poyera kuti khodi imeneyi siyolipitsira, n'kukuonetsani zapansi pake.

P09.1 ndi ya matenda obadwa nawo a kagayidwe ka zakudya m'thupi, monga PKU (phenylketonuria). P09.2 ndi ya mahomoni, monga a chithokomiro. P09.3 ndi ya magazi, kuphatikizapo sickle cell, P09.4 ya cystic fibrosis. Zonsezi zimachokera ku timadontho ta magazi a pachidendene timene amatenga pakati pa maola 24 ndi 48. P09.5 ndi ya khanda lomwe kamakina koyeza okosijeni kaonetsa kuti mtima ungakhale ndi vuto lalikulu, P09.6 ya makutu. P09.7 musaisake, kulibe. Zotsala zimapita ku P09.8, ndipo P09.9 ndi ya pamene dokotala sanatchule chomwe chinayezedwa.

Chokoma kwambiri ndi mbiri ya khodi iliyonse, yoonetsa chaka chimene inalowa kapena kusintha. Pokonza mapepala akale, tsiku limene mwana anaonedwa (kapena limene anatulutsidwa, ngati anagonekedwa) ndi lomwe limalamula khodi, choncho mbiriyi imapulumutsa nthawi. Zochenjeza za Excludes2 (zotchula khodi ina yosiyana, imene ingalembedwe limodzi ndi iyi) nazo zili pamaso: pa P09.6 imakukumbutsani za Z01.110, ya mwana wobwera kudzayezedwanso makutu.

Pofooka pake ndi apa. Tsamba la khodi silikuphunzitsani malamulo a kalembedwe, ndipo zolakwa zambiri zimabadwira pamenepo. P09 imanena za zotsatira zokayikitsa basi, osati matenda. Dokotala akatsimikiza kuti ndi PKU, mulembe E70.0, akapeza kuti mwana wangotengera jini imodzi ya sickle cell, D57.3. Makhodi oyamba ndi P salowa m'fayilo ya mayi, ndipo m'fayilo ya khanda ya nthawi yobadwa, Z38 (khodi ya mwana wobadwa wamoyo) ndiyo imatsogola. Izi zili m'malangizo a boma amene mabungwe a zaumoyo a CDC ndi CMS amatulutsa chaka ndi chaka. Mndandanda wa mawu ofanana omwe webusaitiyi imaika m'munsi ndi wongothandiza posaka, musaudalire posankha khodi. Zotsatsa malonda nazo zimadzaza sikirini ya foni, pa kompyuta ndiye zimapiririka.

Ogwira ntchito ku South Africa asamale: kumeneko amalipitsa ndi ICD-10 ya WHO, momwe P08 ikatha imatsatira ndi P10. Khodi ya P09.3 yokopera pawebusaitiyi ikakanidwa.