FORScan pa Ranger ndi Mazda: pulogalamu ndi yabwino, kebulo ndiye musaumire

Ine ntchito yanga ndi ya mawaya a galimoto, ndipo masiku ano nthawi yambiri ndimaithera pa laputopu kusiyana ndi pansi pa boneti. Anzanga amakaniko akhala akundifunsa ngati FORScan, pulogalamu ya pa laputopu yofufuzira mavuto a galimoto, ndi yoti munthu n'kutayirapo ndalama ndi nthawi. Ngati mumagwira Ford ndi Mazda, eya, itengeni. Ngati pagaraja panu pamadzaza Vitz, Sienta ndi Probox, musadzivutitse, chifukwa Toyota siidziwa ngakhale pang'ono. Kumeneko n'kwa Techstream, pulogalamu ya Toyota.

FORScan inapangidwira Ford, Mazda, Lincoln ndi Mercury basi. Kwathu kuno ndiye kuti Ranger zochokera ku fakitale ya Silverton ku Pretoria, Everest, BT-50 za pakati pa 2011 ndi 2020 zomwe mkati mwake ndi Ranger yomweyo, komanso Demio ndi Axela za ku Japan. Kamakina wamba kosikanira galimoto kamangowerenga makodi a injini n'kuwafufuta. Iyi imalowa m'bokosi lililonse, kutanthauza timakompyuta ta m'galimoto: la injini, la giya, la mabuleki a ABS, la ma airbag, la dashibodi, la wailesi, mpaka BCM yomwe imayang'anira magetsi, maloko ndi zina za m'bodi. Ikalowa sikuti imangowerenga, imathanso kulemba, ndipo apa ndi pomwe pali ndalama, pomwenso pali ngozi.

Ntchito yomwe inandionetsa phindu lake bwinobwino inali ya Ranger ya 2017 ya injini ya 3.2 dizilo. Bokosi la ABS linafa, mwini wake n'kupeza lina lochotsedwa pa Ranger yangozi. Nambala ya sipeya inali yofanana, pulagi inalowa bwino, koma nyali za ABS ndi traction (yoletsa mateyala kuterereka) zinakana kuzima. Kwina kumene inayamba yapita anali atasintha kale masensa a m'mateyala onse, ndalama zitapita pachabe. Nditaiyika pa FORScan, bokosilo linatulutsa U2101 ndi U3002. Yoyambayo ikutanthauza kuti makonzedwe a m'bokosi sakugwirizana ndi galimoto, yachiwiriyo ndi ya VIN, nambala ya chasisi ija. Mwachidule bokosilo linali lamoyo, koma linkadzionabe ngati lili m'galimoto yake yakale. Zili ngati mwana wosamutsidwa sukulu amene dzina lake silinalembedwe m'kaundula: wakhala m'kalasi ndithu, koma aphunzitsi sakumuwerengera.

Mankhwala ake ndi zomwe a Ford amazitcha As-Built, manambala amene galimoto iliyonse inalembedwa nawo potuluka m'fakitale. Bokosi lililonse lili ndi adiresi yake: ABS ndi 760, dashibodi 720, BCM 726, injini 7E0. Bokosi lakale likakhala kuti likuyankhabe, mumasunga manambala ake musanalichotse, n'kudzawathira m'latsopano. Likakhala kuti lafiratu ngati la Ranger imeneyi, mumatenga fayilo ya galimotoyo pa tsamba la pa intaneti la Ford lotchedwa Motorcraft pogwiritsa ntchito VIN. Ndinalowetsa fayiloyo, ndinalemba mizere ya 760, ndinazimitsa kiyi n'kuyatsanso monga pulogalamu inandiuzira, kenako ndinachita calibration ya masensa, kuwakhazikanso kuti aziwerenga molondola, galimoto itaima pamalo osatsetsereka, chiwongolero chili chowongoka. Makodi atafufutidwa sanabwererenso. Gawo la calibration ambiri amalidumpha, ndiye amadabwa nyali ya traction ikayakanso atangokhota pa raundabauti yoyamba. Dziwaninso kuti pa ma Ford ena, monga Focus ndi Kuga za zaka zam'mbuyo, makonzedwe amasungidwa pamodzi mu BCM, ndipo bokosi latsopano limangouzidwa kuti liphunzire kuchokera kumeneko. Yambani mwaona njira yomwe pulogalamu ikukupatsani pa galimoto imeneyo.

Tsopano nkhani ya kebulo yolumikiza laputopu ndi galimoto, pomwe ndaona anthu ambiri akutukwana pulogalamu yosalakwa. Ford imayendetsa mauthenga pa misewu yoposa umodzi. Pali HS-CAN ya pa mapini 6 ndi 14 a soketi ya OBD (pomwe mumalumikiza kebulo), yothamanga 500 kbps, komwe kumakhala injini ndi ABS. Palinso MS-CAN ya pa mapini 3 ndi 11, ya 125 kbps, komwe nthawi zambiri kumakhala zinthu ngati wailesi ndi AC. Kachipangizo kabuluu kotchipa ka Bluetooth kaja kolowetsa mu soketiyo, kolembedwa ELM327, kamangolumikizidwa ku msewu woyamba. Ndiye munthu amasikana galimoto, mabokosi ena osaoneka, n'kuyamba kuuza kasitomala kuti bokosi lapsa pamene lili bwinobwino. Zambiri mwa zimenezi ndi zongokopera. Zolembedwa kuti v1.5 musazikhulupirire n'komwe, chifukwa a Elm Electronics, eni ake a chip chenicheni, sanatulutsepo v1.5.

Pali zina za USB zokhala ndi kaswichi ka HS ndi MS. Zimagwira powerenga, pulogalamu imakuuzani nthawi yotembenuza kaswichiko, koma ubwino wake umadalira mwayi wa tsiku lomwe munagula. Ine ndinali nayo ina yopanda dzina yomwe inkaduka yokha ikatentha. Kuduka powerenga makodi n'kongokwiyitsa. Kuduka pakati polemba kungakusiyeni ndi bokosi losayankha, galimoto ya mwini itakhala pabwalo panu. Panopa ndimagwiritsa vLinker FS ya USB, ndipo mnzanga wina ali ndi OBDLink EX. Zonse ziwiri zimasintha misewu zokha, ndipo zili pa mndandanda wa zomwe opanga FORScan amavomereza. N'zodulirapo kuposa kabuluu kaja, koma yerekezani ndi mtengo wa BCM imodzi ya Ranger. Polemba gwiritsani ya waya. Bluetooth isiyireni zowerenga.

Batire nayonso ndi mdani wosaoneka. Polemba, kiyi amakhala woyatsa injini ili chete, ndipo mabokosi onse, mafani ndi magetsi a m'kati zikudya moto. Batire yotopa ikatsika pansi pa 12V mumayamba kuona ma U0100, U0121 ndi U0140, makodi onena kuti bokosi lina lasiya kulankhula ndi linzake, pamene palibe waya woduka. FORScan imaonetsa mphamvu ya batire pansi pa sikirini, muziyang'anapo. Ine ndimalumikiza chaja, ndipo poti magetsi amatha kuzima nthawi iliyonse, ndimaonjezera batire ina pa majampa. Laputopu yomwe imazima akangoizula pakhoma isayandikire ntchito imeneyi.

Zondisowetsa mtendere ziliponso. Kulemba kumafuna Windows. Ya pafoni, FORScan Lite, ndi yabwino kuwerengera makodi ndi kuonera live data muli panjira, koma coding, kulemba makonzedwe kuja, sichita. Pa Windows pulogalamu yeniyeniyo ndi yaulere, koma kuti mulembe makonzedwe pamafunika Extended License. Pali yoyeserera yaulere ya miyezi iwiri, yokwanira kuti muphunzire, kenako yogula yomwe imamangidwa ku kompyuta imodzi. Mtengo si woopsa kwa munthu wogwira Ford mlungu uliwonse, vuto ndi kulipira m'madola ndi khadi pa nthawi ino ya kusowa kwa forex. Ambiri amadalira achibale a ku Joni.

China n'chakuti pulogalamuyi sikugwirani dzanja. Mbali ya As-Built ndi manambala ndi zilembo zokhazokha, A mpaka F, ndipo mukasintha chilembo cholakwika idzalemba ndithu mukangovomereza. Matebulo ambiri a pa intaneti ofotokoza kuti sinthani apa kuti magalasi azipindika okha, kapena kuti belu la lamba litonthole, anapangidwira F-150 ya ku America. Ranger ya ku South Africa si F-150. Pomwe pali menyu yolembedwa m'mawu, gwiritsani imeneyo. Ndipo musanakhudze chilichonse, dinani Save All pa bokosi limenelo. Ine fayilo iliyonse ndimaitcha ndi nambala ya galimoto ndi tsiku, n'kusunga kope pa fulashi. Galimoto ikabwerako mwezi wamawa bwana akudandaula kuti loko yasintha khalidwe, ndimangobwezeretsa zakale.

Pa dizilo imathandizanso kulowetsa makodi a ma injector mukasintha, zomwe pa 2.2 ndi 3.2 n'zofunika kuti injini isamagogode. Za makiyi zimatengera chaka ndi mtundu wa galimoto, ndipo ine popanda bulubuku ndi chitupa cha mwini wake sindiyamba n'komwe. Kuthira firmware (pulogalamu yoyendetsa bokosi) yatsopano m'bokosi la injini ndimakusiyira a dealer.

Amabweranso ena, makamaka ogulitsa magalimoto, n'kunong'ona kuti "amisiri, tangotsitsaniko ma kilomita pang'ono." Pa madashibodi omwe FORScan imalola kusintha mileage, imangolola kukweza, kuti mukaika dashibodi ina igwirizane ndi mtunda weniweni wa galimoto. Kutsitsa imakana, ndiye ndimangowatembenuzira laputopu kuti adzionere okha.