Paragliding ya ku Porterville: kuulukako n'kokoma, galimoto yawo ndiye ayi

Amene mumakhala ku Cape Town mwaziona ziambulera zoulukira anthu zija, za masewera a paragliding, zimanyamuka pa Signal Hill n'kukatera pa kapinga ku Sea Point. Ine ndinakwerapo kamodzi, ndipo ndisanamalize n'komwe kukuwa tinali titatera kale. Mtima sunakhute. Ndiye nditamva kuti ku Porterville kuli anthu amene amakutenga ulendo wautali wotsata mapiri, ndinayamba kusunga ndalama. Mtengo wake si wamasewera, unandidyera pafupifupi ndalama yonse imene ndimatumiza kumudzi pamwezi. Amayi sakudziwa mpaka lero.

Ndinapita kumayambiriro kwa Novembala, nyengo youluka itangoyamba kumene. Kuchokera ku Cape Town ndi ulendo wa maola ngati awiri pagalimoto, kudutsa minda ya tirigu ya ku Swartland. Tirigu ambiri anali atakolola, kwangotsala ziputu zachikasu. Oulukawo amanyamukira pa Dasklip Pass, msewu wokhotakhota wokwera phiri kumpoto kwa tawuniyo.

Chimene ndiwayamikire poyamba ndi kusapupuluma. Tinafika pamwamba cha m'ma 10, ine magazi akuthamanga, koma bambo wondiulutsayo anangokhala pamwala n'kumayang'ana kansalu kosonyeza mphepo. Ndinayesa ulesi. Nditafunsa, anandilozera pansi m'munda momwe kamvulumvulu ankanyamula fumbi. Akuti chiambulerachi chilibe injini, chimadalira mpweya umene umatentha pa nthaka n'kumakwera, ndiye dzuwa liyambe laphika dothi. Ndinaseka ndekha. Kamvulumvulu yemweyu tinkamuthawa tili ana ku Ntcheu mwezi wa Okutobala, lero ndalipira ndalama kuti m'bale wake andinyamule!

Asanandimange malamba anandionetsa chiphaso chawo cha SAHPA, bungwe loyang'anira masewerawa ku South Africa, ndisanapemphe n'komwe. Anandiveka chipewa cholimba, n'kundionetsa pamene pali parachuti yapadera yoponya zinthu zikavuta. Lamulo linali limodzi: thamanga, usakhale pansi mpaka ndikuuze. Ndinathamanga mapazi anayi kapena asanu, kenako miyendo inkangopalasa m'malere.

Apa ndiye pali nkhani. Pa lamba wawo panali kachipangizo kotchedwa vario, kamene kamalira mukamakwera. Poyamba kanali zii, ife tikutsika pang'onopang'ono, miyala ya phirilo ikuoneka bwinobwino kudzanja lamanja. Mwadzidzidzi ndinamva ngati wina wandikankha pampando kuchokera pansi. Kachipangizo kaja kanayamba pi-pi-pi-pi, bambo aja anakoka chingwe cha mbali imodzi, tinayamba kuzungulira ngati mphamba wafuna anapiye. Kuzungulira, kuzungulira, nkhosa za m'munda zikusanduka timbewu ta mpunga. Kumadzulo phiri la Piketberg linali lokhalokha pakati pa chigwa, kum'mawa mapiri a Groot Winterhoek atasanjikizana mpaka kumene maso amalekeza.

Tikafika pamwamba, ankasiya kuzungulira n'kulunjika kumpoto motsata phiri, tikutsika pang'onopang'ono mpaka tipeze mpweya wina wotikweza. Ulendo wonse ndi womwewo, kukwera, kutsetsereka, kusaka. Pena ankatsata mbalame yaikulu yakuda imene inkazungulira kutsogolo kwathu osakupiza mapiko, akuti iyo sinama. Pena ankangoti duu, ine n'kudziwa kuti ino si nthawi yocheza. Kamodzi nsonga ya chiambulera inapindika ndi phokoso ngati chitenje pachingwe tsiku lamphepo, mtima wanga unaima, koma ndisanatchule dzina la Yesu chinali chitatambasuka kale. Anangoti kumayambiriro kwa nyengo mpweya umakhala waukali chonchi.

Zinthu ziwiri sanandichenjeze, ndipo apa analakwa. Choyamba ndi kuzizira. Pansi kunali kotentha moti ndinavala kamalaya kopyapyala, koma kumwamba zala zinachita dzanzi, mano akugundana. Akanangolemba mu uthenga wawo wa pa WhatsApp kuti bwerani ndi jekete ndi magolovesi, chikanavuta n'chiyani? Chachiwiri ndi mseru. Kuzungulira kuja kumasokoneza m'mimba kuposa minibasi ya pa Golomoti. Ndinali nditadya tchipisi ndi soseji panjira, ndipo sindinena zambiri, kungoti alimi ena a kumeneko analandira mphatso yochokera kumwamba. Idyani mopepuka, anzanga.

Cholinga chinali kukafika ku Piekenierskloof, pamene msewu wa N7 umadumpha phiri kulowera ku Citrusdal kwa malalanje kuja. Sitinafike. Titauluka ola limodzi ndi mphindi zingapo, mpweya wotikweza unasowa, ndipo bambo aja sanakakamire. Anasankha munda wokolola kale wopanda mawaya a magetsi, tinatera mofewa ngati kutsika pa khonde. Ameneyu ndiye munthu amene ndinalipira, wodziwa pamene ayenera kunena kuti basi.

Ndiye kunabwera galimoto yodzatitenga. Kapena ndinene kuti sinabwere. Anatilonjeza kuti dalaivala azititsata pansi, koma anali yekha pa ziambulera zinayi zimene zinatera malo osiyanasiyana. Tinanyamula chikwama chachikulucho mpaka kumsewu wafumbi, n'kukhala pansi pa waya wa mpanda popanda mthunzi, madzi atatsala theka la botolo la anthu awiri. Maola awiri athunthu. Ziputu za tirigu zinali zitandibaya m'miyendo, ntchentche zikuchita nane phwando. Pa ndalama imene amalipiritsa, galimoto yachiwiri sinayenera kusowa. Dalaivalayo atafika anapepesa, koma kuofesi kwawo sanayankhe uthenga wanga wodandaula mpaka pano.

Kubwerera ndibwerera, mwina mu Januwale, koma ndisanalipire ndidzafunsa kuti magalimoto ndi angati tsiku limenelo, ndipo madzi ndidzatenga anga. Zithunzi za pa kamera yawo amalipiritsa padera, ndinagula, zili bwino kupatula kuti pafupifupi zonse ndatsegula pakamwa.

Tili pamsewu paja ndinaimbira achemwali anga a ku Johannesburg kuwauza zimene ndachita. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Iwe, ndalama zakuchuluka eti? Ukanagwa tikanawauza chiyani amayi?"