Kokacheza: Dedza kapena Ntcheu?

Maboma awiriwa ali pamsewu umodzi wa M1, onse achita malire ndi Mozambique, koma zimene mlendo amakapezako n'zosiyana.

Dedza ndi wa munthu wokonda kuyenda wapansi. Tauniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limapitirira 2,000, ndiye mu Juni ndi Julayi musaiwale juzi. Nkhungu imakuta mitengo ya paini mpaka dzuwa litakwera. Ku Chongoni kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, UNESCO, lidawaika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, ndipo zimandiwawa kuti ambiri timangodutsa pa basi osapatukako. Mukatsika makona a ku Golomoti kuzizira kumathera pomwepo, mwafika kotentha ku Mua. Mishoni ya kumeneko idayamba mu 1902, ndipo nyumba ya Chamare imasunga zigoba za Gule Wamkulu zambirimbiri.

Kukoma kwa Ntcheu kuli mwa anthu. Pa Lizulu tsidya lina la msewu ndi Malawi, linalo Mozambique, amayi ataunjika kabichi, tomato ndi mbatatesi m'mabeseni. Koma nthawi yake yeniyeni ndi ya mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, pomwe Angoni a Inkosi ya Makhosi Gomani amavina ngoma, zishango m'manja, fumbi lili koboo.

Amene ali ndi masiku awiri okha apite ku Dedza, poti zokaona ziliko chaka chonse. Wofuna Ntcheu ayambe wafunsa tsiku la mwambowo asanakwere basi.